Netiweki ikathawa, ntchito isamaime

Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri za intaneti zoyalidwa pansi pa nyanja yamchere, EASSy ndi Seacom, zidaduka kufupi ndi Durban ku South Africa. Dziko lathu silikhudza nyanja imeneyo, komabe kwa masiku angapo intaneti idangokwawa kuno ku Malawi, chimodzimodzinso ku Mozambique, Tanzania ndi Kenya. Akatswiri adafotokoza bwino lomwe za zingwezo, ndipo zitakonzedwa nkhani idazilala. Ine funso lidanditsalira, ndipo lero ndikulitula kwa inu: chingwe choduka ku Durban chikuwakhudza bwanji aphunzitsi awiri a ku Madziabango amene akufuna kupatsana pepala la mayeso, mafoni awo ali pa tebulo limodzi?

Chikuwakhudza chifukwa cha momwe mapulogalamu omwe tidazolowera adapangidwira. Mukatumiza chithunzi pa WhatsApp kwa mnzanu amene mwakhala naye pa benchi limodzi, chithunzicho sichichoka m'foni mwanu n'kulowa m'foni mwake. Chimayamba chakwera pa nsanja ya netiweki, n'kutsata zingwe mpaka kutuluka m'dziko muno, n'kukafika m'makompyuta a kampani ya Meta, kenako n'kubwerera. Bandulo yanu yadyeka potumiza, ya mnzanuyo yadyeka polandira. Ophunzira 40 a Fomu 4 akatsitsa mafunso akale a MANEB kuchokera pa gulu lawo, fayilo imodzi yomweyo yalipiridwa ka 40, ndipo pa bandulo iliyonse pali msonkho wa 10 peresenti womwe boma lidaika pa intaneti mu 2015.

Makompyuta akutaliwo amakhala m'zinyumba zikuluzikulu zotchedwa data centre, ndipo malonda obwereketsa malo m'menemo ndiwo amatchedwa cloud. Makampani atatu otchuka pa malondawa adafika pafupi nafe, koma adaima ku South Africa: Microsoft idatsegula zake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Lendi yake salipira ndi kwacha.

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindiwabisa. Pulogalamu iliyonse yomwe boma kapena bungwe likubweretsa ku sukulu, ku chipatala kapena ku depoti ya feteleza kumidzi ya Blantyre iyenera kumaliza ntchito yake pamalo pomwepo, foni ndi foni inzake, foni ndi kompyuta ya pamalopo, osayamba yapempha chilolezo kwa kompyuta ina yakutali. Data centre ikhale kosungako kope lachiwiri netiweki ikapezeka. Isakhale yoti ikasowa, ntchito yonse yaima ndipo anthu abwerera kwawo chimanjamanja.

Wina anena kuti awa ndi maloto a anthu ophunzira a m'tauni. Ayi ndithu. Pitani pa msika wa Lirangwe, pa Lunzu, pa Chileka, kapena pa Madziabango pamsewu wotsikira ku Chikwawa. Mupezapo kashopu ka sola padenga, sipika ikulira pakhomo, mkati muli thabwa lodzaza mafoni otchajitsa, iliyonse ndi kapepala ka nambala. Pakona pali kompyuta yakale yotuwa ndi fumbi, mnyamata atakhalira pamenepo. Akubwera mayi ndi kafoni ka mabatani: "Achimwene, mundiikiremo za kwaya ndi ulaliki. Mafilimu ayi, ana sagona nawo." Mnyamatayo asolola memori khadi ndi chikhadabo, ailowetsa m'kompyuta, pakangopita mphindi zochepa mayi alipira n'kumapita. Panja anyamata awiri aweramira mafoni awo. Wina watsegula Xender, mnzake walandira, ndipo filimu yomasuliridwa m'Chichewa, yomwe ikadamaliza bandulo ya mlungu wathunthu, yadutsa iwo asanamalize kutsutsana za Bullets ndi Wanderers. Palibe nsanja yomwe yagwirapo ntchito. Mafoni awiriwo alumikizana okha pa WiFi yawo. Pofika madzulo filimuyo ili m'mafoni khumi, mawa lake yawoloka mtsinje.

Njira imeneyi akatswiri amaitcha peer-to-peer, mwachidule P2P. Chipangizo chilichonse chimalandira komanso chimapereka, ndipo palibe chimodzi chomwe zinzake zonse zimadalira. Mphamvu yake yagona apa: anthu akachuluka pa seva imodzi, kompyuta yapakati yomwe onse akudalira, sevayo imalemedwa n'kuyamba kuchedwa, pamene anthu akachuluka pa P2P magwero nawonso achuluka, chifukwa aliyense amene walandira wasanduka wopereka. Umu ndi momwe chimanga cha makolo, mapira ndi nandolo zidapulumukira mibadwo yonseyi. Mbewu sidali m'nkhokwe imodzi. Wina anankafumbwe akamudyera yake, ankapita kwa alamu ake kukapempha, chaka chamawa iyenso n'kudzapatsa ena.

Ndipo musaganize kuti ndi njira ya amphawi okha. Bram Cohen adatulutsa BitTorrent mu 2001, pulogalamu yomwe imaduladula fayilo yaikulu n'kumatenga kachidutswa kwa uyu, kachidutswa kwa uyo. Microsoft yomwe, mwini wake wa madata centre ambirimbiri, idaika njira yofanana ndi imeneyi mu Windows 10, kuti makompyuta a mu ofesi imodzi azipatsana okha zokonza zatsopano m'malo moti iliyonse izikatunga kulikulu. Kampani yolemera chotero idaona kuti kutumiza chinthu chimodzi kambirimbiri pa mtunda wautali ndi kutaya ndalama. Nanga ife, amene bandulo imalimbirana ndalama ndi ndiwo, tikulekeranji?

Ndikudziwa chomwe oimba anena, ndipo akunena zoona. Nyimbo zambiri zomwe zimadutsa m'mashopu aja ndi m'mafoni aja eni ake sadyapo kanthu. Munthu walipira situdiyo, walipira oimba zida, nyimbo yafika mudzi uliwonse, iye alibe ndi ya minibasi yomwe. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 kuti lilimbane ndi vuto limeneli, ndipo lamulo la 2016 lidabweretsa msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo kuti oimba azipezako kenakake. Nkhondo imeneyo ipitirire, ndili kumbali yawo. Koma tisalole kuti mkwiyo wathu pa nyimbo zakuba utitseke maso. Achinyamata a kumidzi, popanda thandizo la bungwe lililonse, adamanga njira yofalitsira zinthu yomwe imafika komwe nsanja sizifika. Aboma amangoionera ku mbali ya umbava. Akadafunsanso kuti: njira yomweyi singanyamule mabuku a sukulu, malangizo a ulimi, kapena ndondomeko ya katemera?

Tiyeni tione zomwe njira inayo, yodalira kompyuta yakutali, yatichita kale. Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, thumba la feteleza lili pa K4,495, mlimi ankayenera kupereka chiphaso cha unzika kuti ogulitsa achijambule ndi foni, foniyo n'kufunsa ku kompyuta yakutali ngati dzinalo lilipo. Nyuzipepala ndi mawayilesi zidadzaza ndi dandaulo limodzi: netiweki. Feteleza ali m'depoti, ndalama zili pa nsonga ya chitenje, wogulitsa ali pampando, dzina lili m'kaundula, koma malonda sangachitike. Anthu adagona pa madepoti, amayi ndi ana kumsana, mvula ikugwa, nthawi yothira feteleza ikudutsa. Chimanga sichidikira netiweki. Amene adapanga ndondomeko imeneyo adaganizira wakuba yemwe angagule kawiri, ndipo adachita bwino kumuganizira, koma adalanga anthu zikwizikwi osalakwa chifukwa cha iyeyo.

Kodi padalibe njira ina? Idalipo. Depoti iliyonse ikadalandiriratu m'mafoni a ogulitsa mayina a midzi yomwe imagula pamenepo. Mafoni a pa depotipo akadamauzana okha pa WiFi kuti uyu wagula, kotero palibe amene akadagula kawiri pamalo amodzi. Madzulo, kapena tsiku lililonse netiweki ikabwera, zonse zikadatumizidwa ku likulu. Mtengo wa njira imeneyi ndi woti mlimi azigula pa depoti yomwe adalembedwa basi. Funsani mlimi wa ku Madziabango kuti asankhe pakati pa ufulu wokagula feteleza ku Karonga ndi mwayi wobwerera kunyumba tsiku lomwelo thumba lili pa njinga. Yankho mukulidziwa.

Mu Januwale 2024 kusindikiza mapasipoti kudaima dziko lonse. Mu Febuluwale mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa makompyuta adalowa m'makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo. Odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira, anyamata opita ku Joni, amalonda a ku Tanzania, onse adaima pa mzere umodzi mpaka mu Malichi. Kaundula wa mapasipoti ayenera kukhala ndi mwini mmodzi, pamenepo sinditsutsa. Koma phunziro lake ndi loonekeratu: zonse zikakhala pamalo amodzi, tsoka la malo amodziwo limagwera dziko lonse tsiku limodzi. Ndipo si ife tokha. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6. Pa 20 Okutobala 2025 vuto la m'madata centre a Amazon ku Virginia lidagwetsa mapulogalamu ambirimbiri, mpaka mabanki ena a ku Britain. Ngati zimawachitikira eni akewo, ife obwereka tili pati? Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Kwathu kuno pali mdani winanso amene tikumudziwa bwino. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga damu la Kapichira, kumunsi kwa mapiri omwewa a njira ya ku Chikwawa, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 Freddy adagumula phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe, adakokolola milatho, adagwetsa mapolo, ndipo makina opangira magetsi pa Shire adaimitsidwa. Anthu oposa 1,000 adatisiya. Nsanja ya netiweki imadya magetsi, magetsi akathima imadalira jenereta, jenereta imamwa dizilo, ndipo dizilo tonse tikudziwa momwe amasowera. Nthawi yomwe mudzi ukufunitsitsa kudziwa amene wasowa, amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, mayi amene ali pafupi kuchira, ndi nthawi yomweyo yomwe pulogalamu yodalira cloud imakana kutseguka. Pulogalamu yotere yalephera mayeso okhawo omwe adali ofunika.

Aboma ayankha kuti nkhawa imeneyi idatha, popeza mu Julayi 2022 adatsegula data centre ya dziko mu mzinda wa Blantyre, yomangidwa ndi kampani ya Huawei. Ndi chinthu chabwino, ndipo ndikuchiyamikira. Zinsinsi za boma zikhale m'dziko muno, pansi pa malamulo athu, makamaka tsopano pomwe tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024. Chimodzimodzinso malo osinthanirana intaneti a Malawi Internet Exchange, omwe adatsegulidwa ku College of Medicine mu 2008, adathandiza kuti uthenga wina wa m'dziko muno usamazungulire kunja. Koma zonsezi zikuthera m'tauni. Kuchoka pa Madziabango kufika mu mzinda ndi ulendo waufupi wa minibasi, komabe nsanja ya pafupi ikazima, data centre ya ku Blantyre ili kutali chimodzimodzi ndi ya ku Virginia. Vuto la munthu wa kumudzi silili pa dziko lomwe nyumba ya makompyuta yamangidwa. Lili pa mtunda wotsiriza uja, wochoka pa nsanja kufika m'dzanja lake.

Palinso nkhani ya ndalama yomwe sitiikamba mokwanira. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bungwe lililonse lomwe limalipira lendi ya cloud m'madola lidadzuka m'mawa n'kupeza bilu yakwera popanda chowonjezeka chilichonse. Madola omwewo ndi amene tikusowa pogula mafuta, mankhwala ndi feteleza. Ndiye pa 20 Januwale 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lake la kunja, pamene ndalama za dzikolo ndi zomwe zakhala zikuyendetsa mbali yaikulu ya ntchito za Edzi kuno, kuphatikizapo makina osungira kaundula wa odwala. Kompyuta yomwe mudagula, wothandiza akachoka imakhalabe pa tebulo panu ikugwira ntchito. Malo obwereka mu cloud, lendi ikangosiya kulipiridwa amatsekedwa, zinthu zanu zili momwemo.

Chondipweteka n'chakuti nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Onani kabuku ka kuchipatala komwe mayi aliyense amakulunga m'pepala la pulasitiki n'kusunga m'chikwama. Masamba ake adapindika, pachikuto pali dontho la mafuta, koma mkati muli sikelo ya mwana, katemera, mankhwala omwe adalandira ku Lirangwe chaka chatha. Popeza boma la Blantyre lilibe chipatala chachikulu chakechake, wodwala wa ku Madziabango, Chileka kapena Lirangwe akamutumiza amapita ku chipatala cha Gulupu, ndipo mbiri yake imapita naye m'manja, magetsi alipo kaya palibe. Mu 2001 Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health adayamba kuika makompyuta ongodina pagalasi m'chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Adawapanga odya magetsi ochepa, oyendera mabatire, seva ili pachipatala pomwepo, ndipo ankasindikiza kapepala komata m'kabuku ka wodwala. Ntchitoyo idafalikira m'zipatala zambiri chifukwa idapangidwira Malawi weniweni, wa magetsi othimathima. Matabuleti a BEFIT omwe adayamba kugawidwa m'sukulu za pulayimale mu 2023 nawonso amaphunzitsa ana kuwerenga ndi masamu m'Chichewa popanda intaneti, akutchajidwa ndi sola. Tidayamba bwino. Tapatukira pati?

Taganizani chipatala chaching'ono cha kumudzi chili ndi kakompyuta kamodzi kokwana m'dzanja, koyendera sola ndi batire. Alangizi a zaumoyo akamazungulira m'midzi amalemba m'mafoni mwawo popanda netiweki. Awiri akakumana pa sikelo ya ana, mafoni awo amapatsana zomwe aliyense walemba. Akafika pachipatala, zonse zimalowa m'kakompyuta kaja pa WiFi ya pamalopo, yosadya bandulo, ndipo iwonso amatenga zomwe anamwino alemba zokhudza midzi yawo. Njinga yamoto yomwe imabwera kudzatenga magazi opita kukapimidwa, monga amachitira a Riders for Health, ingathenso kunyamula foni yotenga kope lopita ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Netiweki ikakhalapo, zimapita zokha. Funso lovuta lidali loti anthu awiri akasintha kaundula mmodzi aliyense kwayekha, cholondola n'chiti? Akatswiri alilimbana nalo kwa zaka zambiri, ndipo mu 2019 a Ink & Switch pamodzi ndi Martin Kleppmann wa ku Cambridge adalongosola momwe mapulogalamu angaphatikizire zosintha zotere popanda kutaya za wina. Si zongopeka. Zida zake zilipo, zambiri mwa izo ndi zaulere ndipo aliyense angathe kuona momwe zidalembedwera.

Ku sukulu n'kosavuta kuposa pamenepo. Kolibri, yopangidwa ndi bungwe la Learning Equality, imakhala pa laputopu imodzi, ophunzira n'kumalumikizako ndi mafoni kapena matabuleti, ndipo sukulu ina ingathe kukopera maphunziro kwa inzake popanda intaneti. Kiwix imanyamula Wikipedia yonse pa fulashi. Syncthing imafananitsa mafayilo pakati pa makompyuta popanda seva yapakati. Sekondale imodzi yoyendera pa Madziabango ikatsitsa mabuku kamodzi, sukulu zonse za m'dera limenelo zingathe kuwapeza mphunzitsi akangoyenda ndi foni m'thumba. Pa nkhani za malo, anthu a mtundu wa Waorani ku Ecuador adajambula mapu a nkhalango yawo ndi pulogalamu ya Mapeo, yomwe imapatsana zinthu pakati pa zipangizo popanda intaneti, ndipo mu 2019 adapambana mlandu woletsa boma lawo kupereka malowo kwa makampani a mafuta. Makomiti athu a malo, omwe adabwera ndi lamulo la malo a makolo la 2016, akuyenera kukhala ndi kope la malire a minda m'manja mwawo, osati kungomva kuti zili m'kompyuta ku Lilongwe. Ndipo ku Mankosi, kumidzi ya Eastern Cape ku South Africa, anthu adakhazikitsa kopaletivu ya Zenzeleni yokhala ndi netiweki yawoyawo ya sola. Ndi anthu a kumudzi ngati ife.

Sindikufuna kukunamizani kuti njira imeneyi ilibe minga. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imagulitsidwa pa msika. Kaundula wa anthu omwe akumwa ma ARV akapezeka m'foni yotayika pa Lunzu, mabanja angathe kupasuka. Choncho zonse ziyenera kukhala zokiyidwa kuti wotola asathe kuwerenga, ndipo foni ya mlangizi izinyamula za midzi yake yokha. Koma tisaiwale mbali inayo: wakuba foni imodzi waba za midzi iwiri, pamene wothyola seva ya likulu waba za dziko lonse. Mapulogalamu omwe achinyamata akugwiritsa ntchito panopa nawonso si oyera. Dziko la India lidaletsa SHAREit ndi Xender mu Juni 2020 potchula nkhawa za chitetezo, ndipo mavairasi ambiri amayenda m'mamemori khadi. Ntchito za boma zisadalire zimenezo. Zilipo zina zopanda malonda obisika, monga LocalSend yotumizira mafayilo ndi Briar yotumizira mauthenga pa Bluetooth kapena WiFi, ngakhale kuti popanda intaneti izi zimafika pafupi pokha, si zolankhulira ndi wachibale ali ku Joni.

Zilinso zinthu zomwe P2P singazikwanitse bwino. Ndalama za pa Airtel Money ndi Mpamba zimafuna buku limodzi lodalirika, apo ayi ndalama imodzi ingagwiritsidwe ntchito kawiri. Kaundula wa unzika, zanyengo, ndi mapulogalamu aakulu a nzeru zopanga amafuna makompyuta amphamvu. Skype idayamba mu 2003 ngati P2P, koma mafoni atachuluka idasamukira ku maseva a Microsoft, chifukwa foni singakhale yoyaka usana ndi usiku kutumikira anthu ena osatha batire. Zonsezi ndikuvomereza. Chomwe ndikukana ndi kutenga zofunika za banki n'kuziika pa rejisitala ya kalasi, pa sikelo ya mwana, pa buku la banki m'khonde. Zambiri zomwe mudzi umalemba zimabadwira m'mudzimo ndipo zimagwira ntchito m'mudzi momwemo.

Nanga ngati njirayi ndi yotsika mtengo komanso yolimba, n'chifukwa chiyani siikondedwa? Chifukwa palibe amene amadyapo mwezi ndi mwezi. Kampani ya cloud imafuna lendi yosatha. Kampani ya mafoni imafuna bandulo ithe msanga. Wothandiza wa kunja amafuna kutsegula kompyuta yake ku likulu n'kuona manambala a lero, ndipo pulogalamu imapangidwa kuti ikondweretse iyeyo, osati mlangizi amene wayenda wapansi dzuwa lili paliwombo kukalemba manambalawo. Zolemba zimakwera kumtunda, sizibwerera. Wandale naye amakonda chinthu chodula riboni, ndipo kakompyuta ka m'kabati ya chipatala kalibe riboni. Chonsecho ntchito yoika ndi kukonza timakompyuta timeneti ikadapita kwa ana athu omwe akutuluka ku MUBAS ndi ku MUST n'kumakhala opanda chochita, ngakhalenso kwa mnyamata uja wa pa shopu ya sola, amene amadziwa kale kutsegula foni ndi kuchotsa vairasi. Ndalama yomwe ikadawoloka nyanja ikadatsala pa Chileka.

Tionjezepo za magetsi. Bungwe la International Energy Agency lidawerengera kuti mu 2024 madata centre adadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse lapansi. Ku Ireland mu 2023 adadya 21 peresenti ya magetsi a dzikolo. Kuno kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 aliwonse ndiwo ankawunikira ndi magetsi, kumidzi n'kuchepera apo. Dziko lotere silingapikisane ndi ena pomanga zinyumba zoziziritsa makompyuta usana ndi usiku. Koma lili kale ndi mafoni mamiliyoni m'matumba mwa anthu, ogulidwa kale, otchajidwa ndi dzuwa, aliyense ali ndi malo osungira zinthu omwe akungokhala. Chuma chimenecho chilipo, sitikuchiwerenga.

Pempho langa likupita kwa amene ali ndi mphamvu yosainira. Unduna woona za luso lamakono ulembe m'tenda iliyonse ya pulogalamu yopita kumidzi kuti iyenera kugwira ntchito mwezi wathunthu popanda netiweki, kuti zipangizo zizitha kupatsana zolemba pamalo pomwepo, ndiponso kuti kope la zolembazo ndi makiyi ake zizitsala m'manja mwa sukulu kapena chipatala chomwe chazilemba. A MACRA, thumba lanu la Universal Service Fund lisathere pa nsanja zokha. Yesani ndi zipatala zitatu, Madziabango, Chileka ndi Lirangwe, pamodzi ndi sukulu zozungulira, ndipo zotsatira zake muziulutse poyera.

Ndipo inu makhansala a khonsolo ya Blantyre, mafumu, aphunzitsi aakulu ndi makomiti a zipatala, simukuyenera kudikira Lilongwe. Tsiku lomwe alendo adzabwere ndi galimoto yoyera ndi pulogalamu yatsopano, alandireni mwaulemu, apatseni mipando. Akamaliza kufotokoza, apempheni azimitse data m'mafoni mwawo, kenako alembetse wodwala mmodzi kapena mwana mmodzi, n'kutumiza dzinalo ku foni ya mnzawo inu mukuona. Zikakanika, musasaine.